Dontho la Pansi pa Lole

Mayi Lukeresiya ndiwo anayamba kuliona,
osati ine wodziwa injini:
dontho lakuda pa dothi la kuseri kwa msika wa Ulongwe,
dzana ngati ndalama yachitsulo,
lero ngati mbale ya ndiwo.
"Lole yako yayamba kukodza pogona, Fulujensiyo,
ndipo mbatatesi zanga sizidikira munthu."

Matumba makumi asanu ndi limodzi,
Lachisanu kusanache akhale ali ku Tete.

Ndinagona chagada pa saka,
chala chikulondola oyilo kumene wachokera.
Si pa sampu. Si pa fyuluta.
Akutsetsereka kutsogolo, kuseri kwa pule,
pamene chivundikiro cha tayimingi
chimakumana ndi thupi la injini.
Gasiketi yatopa.

Kuti ufike pa kanthu kopyapyala ngati tsamba
uyenera kuisenda galimoto nkhope yonse.
Madzi a mu rediyeta tinawakhetsera m'ndowa,
fani pansi, lamba pansi.
Bawuti ya pule inakanitsitsa
mpaka Zefaniya atalonga sipanala mu paipi ya mjigo wakufa
n'kulendewera ndi zaka zake zonse khumi ndi zisanu.
Inalira kamodzi ngati chitseko chadzimbiri, n'kugonja.

Mabawuti khumi ndi anayi, osalingana msinkhu.
Ndinajambula chivundikiro pa katoni
n'kuwabaya m'malo mwawo,
poti wamfupi akalowa m'nyumba ya wamtali
mudzalongosolana usiku pa mphambano ya Musakama
katundu ali pamsana.

Tsono ndikupala yakaleyo ndi lezala,
pang'onopang'ono, kuopa kukanda chitsulo,
pansi pa mwaye wa oyilo panatuluka zilembo.
Zitatu zokha, zofiira, zodukiza.
Sinali ya kufakitale.
Inali katoni ya mafuta ophikira,
aja tinkaimira pamzere ku msasa wa ku Dedza
nkhondo itatithamangitsa kwathu.
Atate anaidula chaka chimene tinabwerera,
lole itaima pa miyala, udzu utamera m'matayala.
M'mphepete mukuonekabe mano a hamala yawo,
ndi apo pamene dzanja linaterereka.

Zaka zonsezi katoni ikutsekereza oyilo mumdima,
popanda woiuza zikomo.

Zefaniya anafunsa ngati ndadzicheka.
Ndinati ndi palafini, wandithovukira m'maso,
pita ukatsuke chivundikiro, usasiye mchenga.

Ogulitsa zipangizo anandiseka:
"Ya injini imeneyo? Mukafunse kumanda."
Ndinagula pepala la gasiketi, lotuwa,
mametikali mazana atatu, osachotsera,
ndinaliyala pa chivundikiro
n'kuyamba kugogoda ndi mutu wobulungira wa hamala.
Go, go, go.
Sudula ndiwe, chimadula ndi chitsulo,
iwe umangotsatira m'mbali mwake.
Sindikumbuka tsiku limene anandiphunzitsa.
Mnyamata anasiya kutsuka, akuyang'ana dzanja langa.
Mabowo awiri omaliza ndinamupatsa iye.
Limodzi linapendeka. Lidzagwira.

Timadontho tiwiri ta pa magiya tikuyang'anizana;
tisiye, sitinalakwe.
Silo yatsopano, yodzozedwa oyilo pamlomo.
Silikoni wongopaka, osati wa phwando,
wochuluka amatuluka mkati n'kukatseka njira.
Kumanga modumphadumpha, uku ndi uko,
kubwereza kawiri,
kusiya bawuti isanalire.

Dzuwa likulowera ku Domwe injini inatsokomola,
inadzuka, inayamba kung'ung'udza zake zakale.
Ndinayala thumba loyera la feteleza pansi pake
n'kupita kukagona tulo tosagoneka.

M'mawa pathumbapo panali mame
ndi mapazi a nkhuku.

Mayi Lukeresiya anawerama, anayang'ana,
sananene kanthu, anaitana onyamula.
Kachidutswa ka zilembo zitatu
kali m'chikwama cha laisensi, kakununkha oyilo.
Zefaniya wapempha zotsala za pepala lija.
Akuti njinga yamoto ya amalume ake ikudontha.